Molybdenum sakusowa m'thupi mwanu, kamufuneni m'dothi la munda wanu

M'Harare muno muli malonda ena amene akuwadyera ndalama abale athu ambiri, makamaka amayi ndi agogo a ku Mabvuku, Tafara, Mufakose ndi Epworth. Munthu amakukhazikani pampando, n'kukugwiritsani kachitsulo kolumikizidwa ku kompyuta. Pasanathe mphindi ziwiri pepala latuluka, lodzaza mizere yobiriwira ndi yofiira, ndipo pa mzere wina wofiira palembedwa kuti molybdenum wachepa m'thupi mwanu. Mukamakweza maso, botolo la mapilitsi lili kale patebulo, mtengo wake m'madola. Ife tikunena mosabisa kuti munthu amene amadya nsima ndi ndiwo za masiku onse sasowa mchere umenewu, ndipo kachitsulo kogwira m'manja sikangayeze mchere uliwonse wa m'magazi. Kusowa kwa molybdenum kulipo ndithu, koma kumapezeka m'malo atatu okha odziwika bwino, ndipo m'malo onse atatuwo botolo la patebulo lija silithandiza.

Molybdenum ndi chitsulo chimene thupi limafuna pang'ono zedi. Bungwe la Institute of Medicine la ku America linanena mu 2001 kuti munthu wamkulu amafunika mamayikulogalamu 45 patsiku, mayi woyembekezera kapena woyamwitsa 50, mwana wa chaka chimodzi mpaka zitatu 17. A ku Ulaya amaika mlingo wa munthu wamkulu pa 65. Mayikulogalamu imodzi ndi gawo limodzi la galamu yogawidwa ka 1,000,000. Mukawerengetsa 45 patsiku kwa zaka 70, zonse pamodzi zimangopitirira pang'ono galamu imodzi, pa moyo wonse wa munthu.

Ntchito yake ndi yothandiza maenzaimu anayi, tinthu timene thupi limapanga kuti tiphwanye kapena kusintha zinthu zina m'kati mwake. Wofunika kwambiri ndi sulfite oxidase. Thupi likamagaya mapuloteni a nyama, mazira kapena nyemba, pamatsala sulfite, amene ndi poizoni ku ubongo akachuluka, ndiye enzaimu ameneyu amamusandutsa sulfate wotuluka bwinobwino mumkodzo. Wachiwiri ndi xanthine oxidase, amene amapanga uric acid, asidi amene akachuluka m'magazi amatupitsa mfundo. Odwala nyamakazi ya gauti amamudziwa ngakhale sadziwa dzina lake, chifukwa mankhwala a allopurinol amene amamwa amagwira ntchito pomutsekereza iyeyu. Enawo ndi aldehyde oxidase ndi mARC, amene amathandiza chiwindi kuphwanya mankhwala ena.

Tsopano onani mbale yanu. Pa mndandanda wa bungwe la zaumoyo la ku America la National Institutes of Health, theka la kapu ya khobwe wophika lili ndi mamayikulogalamu 288, kupitirira kasanu ndi kamodzi mlingo wa tsiku lonse. Chiwindi cha ng'ombe cholemera magalamu 85 chili ndi 104, kapu ya mkaka 22, nthochi imodzi 15, dzira limodzi 9, kadzanja ka mtedza wokazinga 11. Wina anganene kuti manambala amenewa ndi a zakudya za ku America, ndipo dothi lathu ndi lina. Akunena zoona, mchere wa m'mbewu umatengera dothi limene inamera. Koma ngakhale mutagawa nambala ya khobweyo panayi, mutsala ndi 72, ndipo mwadutsabe mlingo wa tsiku ndi theka la kapu lokha. Nyemba, nandolo, nzama, soya, nsinjiro za m'masamba, nyemba za mu mutakura wa anzathu Achishona, zonsezi ndi za banja limodzi lolemera ndi mchere umenewu, ndipo zadzaza pa Mbare Musika chaka chonse. N'zodabwitsa kuti anthu amene akuuzidwa kuti akusowa molybdenum ndi omwewo amene nyemba sizichoka pamoto pawo.

Thupi nalonso lili ndi njira yake yosungira. Matumbo amayamwa gawo lalikulu la molybdenum wa m'chakudya, ndipo impso ndi zimene zimayendetsa zotsalazo: mukadya wambiri zimataya wambiri mumkodzo, mukadya wochepa zimaumira. Ofufuza ena ku America, m'kafukufuku amene anatuluka mu 1995, anadyetsa anyamata athanzi chakudya chokhala ndi mamayikulogalamu 22 okha patsiku kwa masiku 102, theka la mlingo uja, ndipo palibe amene anaonetsa zizindikiro za matenda. Kuti akwanitse kuchepetsa mcherewu mpaka pamenepo anachita kukonza chakudya chapadera choyezedwa pa sikelo, pakuti ndi chakudya wamba n'kovuta kufika pansi chotero.

Malo oyamba amene kusowaku kumapezeka ndi m'chipatala, pa munthu amene matumbo ake sakugwira ntchito ndipo akudyetsedwa kudzera m'mitsempha kwa miyezi yambiri. Nkhani imene mabuku onse a zachipatala amatchula ndi imodzi, ya mu 1981. Mnyamata wodwala matenda a m'matumbo otchedwa Crohn anakhala nthawi yaitali pa diripi ya chakudya yopanda molybdenum. Mtima unayamba kuthamanga, kupuma kwa befu, mutu kuwawa, usiku osaona, mpaka anakomoka. Atamuyeza anapeza uric acid wotsika kwambiri m'magazi ndi sulfite wochuluka mumkodzo. Anamuthirira ammonium molybdate, mamayikulogalamu 300 patsiku, ndipo anachira. Ogulitsa mapilitsi anatenga zizindikiro za wodwala mmodzi ameneyu, mutu ndi kuthamanga kwa mtima, n'kuzimata pa mabotolo awo ngati kuti ndi za aliyense amene wadzuka wofooka. Koma mnyamatayo sankadya chilichonse chodzera pakamwa. Amene ayenera kusamala za nkhani imeneyi ndi dokotala ndi wazamankhwala amene akusakaniza diripi, osati mayi amene wadya nsima ya nyemba masana.

Pali zinthu zina ziwiri zimene ogulitsa amalonjeza, ndipo zikufunika yankho. Amati molybdenum amachotsa matsire chifukwa amaphwanya acetaldehyde, poizoni amene thupi limapanga kuchokera ku mowa. Apa asokoneza maenzaimu awiri a mayina ofanana. Amene amagwira ntchito yaikulu yochotsa poizoni wa mowa ndi aldehyde dehydrogenase, ndipo iyeyu safuna molybdenum n'komwe.

Lonjezo lachiwiri ndi lolemera, chifukwa likukhudza khansa ya kum'mero, matenda amene atilanda abale ambiri kumudzi, pakuti Malawi ali m'gulu la mayiko amene khansa imeneyi ndi yochuluka kwambiri padziko lonse. Ganizoli linachokera ku Linxian, dera la kumpoto kwa China kumene khansa ya kum'mero inali yochuluka modabwitsa ndipo dothi lake ndi losauka molybdenum. Linali ganizo lanzeru, ndipo analiyesa moyenera. Kuyambira 1986 mpaka 1991 anthu pafupifupi 30,000 anagawidwa m'magulu, ena akumwa mamayikulogalamu 30 a molybdenum pamodzi ndi vitamini C tsiku lililonse. Khansa sinachepe mwa iwo. Choncho bambo amene nsima yayamba kumuima pakhosi, amene wayamba kusankha phala chifukwa nyama siikutsika, asataye mwezi ndi botolo. Akufunika kuunikidwa kum'mero ndi kamera kuchipatala msanga, chotupa chisanatseke njira.

Kodi mapilitsiwo ndi poizoni? Pa mlingo umene amagulitsidwa, kawirikawiri pakati pa mamayikulogalamu 50 ndi 500, munthu wa impso zabwino amangowakodza. Malire amene a ku America anaika ndi 2,000 patsiku, a ku Ulaya 600. Kudera lina la Armenia kumene dothi lili ndi molybdenum wochuluka, anthu amene ankadya mamayikulogalamu 10,000 mpaka 15,000 patsiku ankatupa mfundo ngati odwala gauti, uric acid atakwera. Ndiye amene ali kale ndi gauti, kapena amene impso zake zafooka ndi shuga kapena BP, alibe chifukwa choyikira moyo wake pachiswe. Koma choipa chachikulu cha malondawa chili pena. Munthu wotopa, wa chizungulire, wa mtima wogunda msanga akakwera kachitunda, wadwaladi, ndipo pepala lija lamupatsa dzina labodza la matenda ake. Amapita kunyumba mtima uli m'malo, matenda enieni akupitirira.

Zimene zimatopetsa anthu m'dziko muno n'zodziwika. Kafukufuku wa zaumoyo wa Zimbabwe wa 2015 anapeza kuti amayi 27 mwa 100 alionse ndi ana aang'ono 37 mwa 100 alionse anali ndi magazi ochepa. Ichi n'chifukwa chake kuyambira mu July 2017 boma linalamula kuti ufa wa chimanga, ufa wa tirigu, shuga ndi mafuta ophikira zizithiridwa michere monga ayironi, zinki, folic acid ndi vitamini A. Molybdenum palibepo pa mndandanda umenewo, ndipo n'zosadabwitsa, pakuti anthu odya chakudya wamba sakumusowa. Madola amene mukanagulira botolo apititseni ku kiliniki kapena ku labotale yovomerezeka. Pemphani kuyezedwa kuchuluka kwa magazi: hemoglobin yochepera magalamu 12 pa desilita kwa mayi, 11 kwa woyembekezera, 13 kwa bambo, ndiye kuti magazi achepa ndipo pafunika kufufuza chifukwa chake, kaya ndi msambo wochuluka, njoka za m'mimba, zilonda za m'mimba kapena chakudya. Yezetsaninso shuga, BP ndi HIV, ndipo ngati pali chifuwa chosatha ndi thukuta la usiku, makhololo a TB. Wogulitsa akaumirira, mufunseni ngati botolo lakelo linalembetsedwa ku Medicines Control Authority of Zimbabwe, ndiponso kuti makina akewo ayeza bwanji magazi amene sanawatenge. Safunsa anadya phula. Kuyeza tsitsi nakonso, kumene ena amatumiza kunja, sikuonetsa ngati thupi likusowa mchere umenewu.

Malo achiwiri ndi omvetsa chisoni, ndipo ndi amene tikufuna azamba, manesi ndi agogo awadziwe. Pali ana amene amabadwa ndi matenda otchedwa molybdenum cofactor deficiency, amene anafotokozedwa koyamba mu 1978. Molybdenum payekha sagwira ntchito m'thupi. Ayenera kulowetsedwa m'kachinthu kena kamene thupi limadzipangira lokha, monga khasu limene sililima mpaka litalowa mu mpini. Mwana wa matendawa chitsulo ali nacho chokwanira, koma thupi lake silitha kusema mpiniwo. N'chifukwa chake kumumwetsa molybdenum, kapena kumwetsa mayi ake, sikusintha kanthu.

Mwanayo amabadwa wooneka bwino, pakuti ali m'mimba thupi la mayi limamuthandiza kuchotsa sulfite. Pakangopita maola kapena masiku ochepa amakana bere, amalira mokuwa mosatonthozeka, amadzidzimuka ndi kaphokoso kakang'ono, thupi limauma kapena kulobodoka, kenako kukomoka kobwerezabwereza kumene mankhwala a masiku onse sakuletsa. Sulfite amakhala akuwononga ubongo, ndipo zowonongekazo sizibwerera. Ambiri amamwalira ali aang'ono. Matendawa ndi osowa, akuyerekezeredwa pa mwana mmodzi mwa 100,000 kapena 200,000, ndipo khanda likamakomoka chifukwa chake nthawi zambiri chimakhala china: kubanika pobadwa, shuga kutsika, tizilombo m'magazi kapena m'ubongo, kashiamu kuchepa. Zimenezi ndiye zoyamba kuyezedwa. Koma ngati kubadwa kunayenda bwino, zoyezazo zili bwino, kukomoka sikukusiya, makamaka ngati banjalo linatayapo khanda lina mwanjira yomweyo, pali kuyeza kumodzi kotsika mtengo kumene labotale ya chipatala chachikulu ngati Parirenyatwa kapena Sally Mugabe ingathe: uric acid wa m'magazi. Mwa ana amenewa amatsika kwambiri, ngakhale tsiku loyamba angaoneke wabwino chifukwa cha wotsala wa mayi, ndiye pafunika kubwereza pakapita masiku angapo. Kuyeza kwina ndi kwa sulfite mumkodzo ndi kapepala konyika, koma mkodzowo ukhale wongotuluka kumene. Ukakhalitsa pa benchi sulfite amasanduka sulfate, kapepala n'kunama kuti zonse zili bwino.

Mankhwala alipo a mtundu umodzi wokha mwa mitundu itatu ya matendawa, mtundu A. Dzina lake ndi fosdenopterin, anavomerezedwa ku America mu 2021, amaperekedwa m'mitsempha tsiku lililonse moyo wonse, ndipo amapulumutsa ubongo pokhapokha atayambidwa m'masiku oyambirira enieni. Mtengo wake banja wamba silingaufike. Wina angafunse kuti nanga kuyeza kuli ndi phindu lanji ngati mankhwala sitingawapeze. Phindu lake ndi lalikulu. Matendawa amabwera mwana akalandira jini (chibadwa chotengera kwa makolo) yolakwika kuchokera kwa bambo ndi kwa mayi omwe, onse awiri ali athanzi osadziwa kanthu, ndipo pa mimba iliyonse mwayi woti zibwerezenso ndi umodzi mwa inayi. Amapezeka kwambiri pamene okwatiranawo ndi apachibale, monga asuweni. Banja likadziwa zimenezi limaleka kuloza chala mpongozi kuti sanadye bwino ali woyembekezera kapena kuti anasempha mwambo, limaleka kuyenda kwa asing'anga kufunafuna mfiti pakati pa abale, ndipo mimba yotsatira imakachirira kuchipatala chachikulu madokotala a ana atauzidwa kale. Maukwati atha chifukwa cha imfa za makanda zimene palibe anazifotokoza, ndipo amene amasenza mlandu nthawi zonse ndi mayi.

Malo achitatu ndiwo ofala, ndipo ali pafupi ndi aliyense amene amalima kamunda m'mphepete mwa msewu wa ku Mabvuku, kuseri kwa nyumba ku Epworth, kapena amene ali ndi munda kumapulazi kumene makolo athu anagwira ntchito. Dothi lambiri la mchenga la Mashonaland ndi la asidi, ndipo feteleza wa ammonium nitrate amene timathira pa chimanga chaka ndi chaka amawonjezera asidiyo. Michere ina yaing'ono monga zinki ndi ayironi imasungunuka mosavuta m'dothi la asidi, koma molybdenum amachita zosiyana: pH, muyezo umene umatsika asidi akamachuluka, ikafika pansi pa 5.5 amamatirira ku dothi, mizu n'kulephera kumuyamwa, ngakhale ali momwemo.

Zimene zimavutika kwambiri ndi mbewu za m'gulu la nyemba. Tizilombo tokhala m'timibulu ta pa mizu yake timakoka nayitrojeni wa mumpweya pogwiritsa ntchito enzaimu wotchedwa nitrogenase, amene sagwira ntchito popanda molybdenum. Kuti muone nokha, zulani chitsamba chimodzi cha soya, mtedza kapena khobwe chitatsala pang'ono kuchita maluwa, ndi khasu kuti mizu isaduke, mutsuke m'madzi, kenako mung'ambe kambulu kamodzi ndi chikhadabo. Kakakhala kofiirira m'kati ngati nyama, kakugwira ntchito. Timibulu tikakhala tambirimbiri koma tating'ono, toyera kapena tobiriwira m'kati, masamba ali achikasu kuyambira pansi, mbewuyo ikufa ndi njala ya nayitrojeni tizilombo tili pomwepo. Pa kolifulawa chizindikiro chake ndi masamba opyapyala opiringizika, otsala pafupifupi msempha wapakati wokha, ndipo mutu supangika. Pa chimanga chongomera kumene, masamba amayera n'kupsa m'mphepete. Mlimi akaona chikasu amathamangira kuwonjezera feteleza wobereketsa, amene amawonjezeranso asidi, vuto n'kukula chaka chamawa.

Chofunika choyamba ndi kuyezetsa dothi. Tengani dothi m'malo khumi kapena kuposa a m'mundamo, kuyambira pamwamba mpaka masentimita 20 pansi, musakanize m'chidebe choyera, mutengepo theka la kilogalamu mupite nalo ku Chemistry and Soil Research Institute muno m'Harare kapena ku labotale ina ya dothi. Likapezeka la asidi, mankhwala ake ndi laimu. Pa dothi la mchenga kawirikawiri amalangiza makilogalamu 500 mpaka 1,000 pa hekitala, kumene kuli ngati magalamu 50 mpaka 100 pa mita imodzi m'litali ndi m'lifupi, koma tsatirani zimene pepala la ku labotale lanena, chifukwa laimu wopyola muyezo amatsekanso zinki. Thirani mukangokolola, cha mu May mpaka July, mumugaulire m'dothi kuti mvula yoyamba idzamupeze ali m'kati. Wowazidwa pamwamba tsiku lobzala sathandiza mbewu ya chaka chimenecho. Nthawi zambiri laimu yekha amamasula molybdenum amene anali womangika, osagula china.

Pamene laimu sanakwanire, alimi amapaka mbewu sodium molybdate kapena kupopera masamba, ndipo mlingo wake ndi wochepa kwambiri, nthawi zambiri osapitirira magalamu 100 a molybdenum pa hekitala yonse. Ngati mukupakanso soya tizilombo ta m'timibulu tija, totchedwa rhizobium, monga tija timapangidwa ku Grasslands ku Marondera, musasiye zosakanizazo usiku wonse. Mchere wa molybdate umapha tizilomboto ukakhala nato nthawi yaitali, choncho pakani pamthunzi n'kubzala tsiku lomwelo. Oweta ng'ombe ndi mbuzi asamwaze mcherewu mwachisawawa pa msipu. M'chifu cha nyama zobzikula molybdenum amagwirizana ndi sulfure n'kumanga kopa, ndipo ng'ombe imatsegula m'mimba, kuwonda, ubweya wakuda n'kusanduka wotuwa, zimene alimi a ku Somerset ku England anavutika nazo zaka zambiri mpaka chifukwa chake chinadziwika m'zaka za m'ma 1930.

Olima mtedza asasokoneze laimu ndi gypsum. Gypsum amene timathira mtedza ukamachita maluwa amapereka kashiamu woti makoko asakhale opanda kanthu, koma sachotsa asidi m'dothi, ndipo sulfate wake amalimbirana njira ndi molybdenum polowa m'mizu. Munda wa asidi umene walandira gypsum yekha ungakhalebe wachikasu, ndiye laimu ayambe kulowa nthawi yachisanu, gypsum adzabwere pa maluwa.